Dokotala amene ankafunsa njira kwa wodwala: moyo ndi ntchito ya Wilder Penfield



Ndiloleni ndikutengereni kaye m'chipinda cha opaleshoni mumzinda wa Montreal, ku Canada, m'zaka za m'ma 1940. Pa bedi pagona munthu chammbali. Tsitsi ammeta, khungu la pamutu alibaya mankhwala ochititsa dzanzi, fupa la chibade alidula n'kulitsegula ngati chitseko. Ubongo uli poyera, ukugunda pang'onopang'ono motsatira mtima. Koma munthuyo ali maso, ndipo akuyankhula. Kuseri kwa nsalu kwakhala wina womuyang'anira nkhope ndi manja. Dokotala akutenga kachitsulo kokhala ndi mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi, akukhudza pamalo ena paubongopo, n'kufunsa kuti, mwamva chiyani? Wodwala akuti chala chachikulu chikunyerenyetsa. Dokotala akutola kapepala kakang'ono kolembedwa nambala, akukaika pomwepo, ndipo mlembi amene wakhala kuseri kwa galasi akulemba. Kachitsulo kakusuntha pang'ono, mlomo wa wodwala ukugwedera wokha. Kapepala kena. Ntchito ikupitirira kwa maola, mpaka wodwala uja akunena mwamantha kuti, ndi zimenezo, umu ndi momwe zimandiyambira ndikamafuna kugwa. Apo dokotala wapeza chimene amafuna.

Dokotalayo ndi Wilder Penfield, ndipo matenda amene ankalimbana nawo ndi khunyu, amene ena timawatcha matenda akugwa. Ndasankha kukamba za iye chifukwa cha chimodzi chimene chimandikhudza mtima: munthuyu ankadziwa ubongo kuposa madokotala ambiri a m'nthawi yake, komabe akafika pa ubongo wa munthu wamoyo, ankafunsa njira kwa mwini wake.

Penfield anabadwa pa 26 Januwale 1891 ku Spokane, m'chigawo cha Washington ku America. Bambo ake anali dokotala, koma ntchito sinawayendere bwino, ndipo mu 1899 mayi ake anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Hudson, ku Wisconsin. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi khunyu koyamba. Sanakumane nalo m'buku. Mlongo wake wamkulu, Ruth, anayamba kugwa iye akali mnyamata, ndipo panalibe amene akanauza banjalo chenicheni chimene chinkachitika m'mutu mwake. Musunge dzina limeneli, tibwererako.

Atamaliza maphunziro ku Princeton mu 1913, anapeza mwayi wa Rhodes wokaphunzira ku Oxford, ku England. Kumeneko anagwa m'manja mwa akuluakulu awiri. Charles Sherrington anamuphunzitsa kufufuza kagwiridwe ntchito ka minyewa modekha, kuyesa ndi kuyesanso mpaka umboni utakwana. William Osler anamuonetsa kuti dokotala amaphunzira atakhala pambali pa bedi la wodwala. Mu Malichi 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Penfield ankawoloka nyanja kupita ku France kukathandiza pa chipatala cha ovulala, pamene sitima yotchedwa Sussex imene anakwera inaphulitsidwa ndi sitima yapansi pa madzi ya Ajeremani. Anavulala mwendo kwambiri, ndipo anakachirira kunyumba kwa Osler. Motero anadziwa msanga kuti kugona pa bedi n'kumadikira dokotala kumamveka bwanji. Mu 1917 anakwatira Helen Kermott, ndipo mu 1918 analandira digiri yake ya udokotala ku Johns Hopkins. Anaphunzirako ntchito ku Boston, pa chipatala chimene Harvey Cushing, katswiri wa opaleshoni ya ubongo, ankagwirapo, ndipo kuyambira 1921 anali ku New York.

Kodi pa nthawiyo za khunyu zinkadziwika mpaka pati? Dokotala wa ku London, John Hughlings Jackson, anali atafotokoza kale m'zaka za m'ma 1870 kuti munthu amagwa pamene maselo a pamalo ena mu ubongo atulutsa mphamvu yawo modzidzimutsa ndi mopyola muyeso. Iye anaona odwala ena amene kunjenjemera kumawayambira pa chala, n'kukwera mkono, n'kufika kunkhope, ndipo anazindikira kuti vutolo limayenda paubongo ngati moto wolusa m'tchire, kuchoka pamene wayatsidwa. Mankhwala analipo ochepa: bromide kuyambira 1857, phenobarbital kuyambira 1912. Amene mankhwalawa sanawathandize, ambiri ankangotsekeredwa m'nyumba zosungiramo odwala, kutali ndi sukulu, ntchito ndi banja.

Funso limene linamusowetsa tulo Penfield linali lakuti, n'chifukwa chiyani munthu amene anavulala m'mutu amayamba kugwa patapita miyezi kapena zaka bala litapola? Anaganiza kuti yankho lili m'chipsera chimene chimatsala paubongo, koma njira zoonera maselo a m'chipseracho pa maikulosikopu analibe. Mu 1924 anatenga mkazi wake ndi ana n'kupita ku Madrid, ku Spain, kukaphunzira kwa Pío del Río-Hortega, amene ankadziwa kunyika tizidutswa ta ubongo m'mankhwala a siliva kuti maselo ochirikiza minyewa aonekere bwino. Mu 1928 anapitanso ku Breslau, mzinda umene lero ndi Wrocław ku Poland, kwa Otfrid Foerster. Foerster ankachita opaleshoni anthu a khunyu lobwera ndi mabala a m'mutu, kuphatikizapo asilikali ovulala pankhondo, ndipo ankawachita ali maso, akufufuza paubongo ndi magetsi. Izi zimatheka chifukwa ubongo, umene umatimvetsa ululu wa thupi lonse, pawokha sumva kuwawa ukakhudzidwa. Penfield anaunika zipsera zimene Foerster ankachotsa, ndipo anachoka kumeneko ali ndi njira m'manja ndi umboni m'maso.

Chaka chomwecho anasamukira ku Montreal, kukagwira ntchito pa yunivesite ya McGill ndi chipatala cha Royal Victoria, pamodzi ndi mnzake William Cone. Asanakhazikike n'komwe, Ruth anabwera. Kugwa kuja kunali kutakula, mutu unkamupweteka koopsa, ndipo maso anali pangozi. Anapeza kuti ali ndi chotupa chakutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanja. Mu Disembala 1928 Penfield anachita opaleshoni mlongo wake wa bere limodzi, mlongoyo ali maso. Anachotsa gawo lalikulu la ubongo wakutsogolo, koma chotupacho chinali chitalowa mkati momwe mpeni sukanafika popanda kuika moyo pachiswe, ndipo anaimira pomwepo.

Ruth anadzuka, nabwerera kwa mwamuna wake ndi ana ake. Ankayankhula bwino, ankakumbukira zinthu, aliyense womuona akanati wachira. Koma tsiku lina Penfield atakamuchezera, mlongo wakeyo anafuna kumukonzera chakudya chamadzulo. Inu amayi mukudziwa momwe zimakhalira mlendo akamabwera: ndiwo zikhale pamoto nthawi yakuti, izi zitsogole, izi zitsatire, zonse zipsere pamodzi. Ruth anali ndi tsiku lonse, koma nthawi itakwana zinthu zinali mbwee m'khitchini, zina pamoto, zina zosayamba n'komwe. Chakudya chilichonse pachokha akanatha kuphika. Chimene chinapita ndi gawo la ubongo lija ndi nzeru yolinganiza ntchito kuti iyi ibwere pambuyo pa iyi. Chotupa chinameranso, Cushing anamuchitanso opaleshoni, ndipo Ruth anamwalira mu 1931. Penfield analemba nkhani ya mlongo wakeyo m'magazini ya madokotala mu 1935, osabisa chimene opaleshoni yake inamuchotsera, kuti ena aphunzirepo.

Imfa imeneyi inalimbitsa maganizo amene anali nawo kale, akuti mutu umodzi susenza denga. Wochita opaleshoni payekha sangaumvetse ubongo. Pafunika dokotala wa minyewa, wounika maselo, wodziwa za magetsi a m'thupi, wodziwa za maganizo, ndi anamwino ozolowera odwala otere, onse pansi pa denga limodzi, bedi la wodwala lili pafupi ndi chipinda chofufuzira. Bungwe la Rockefeller Foundation linapereka ndalama zoposa madola 1 miliyoni, boma la Quebec, mzinda wa Montreal ndi anthu ena akufuna kwabwino anaonjezerapo, ndipo mu Sepitembala 1934 Montreal Neurological Institute inatsegulidwa, Penfield ali mkulu wake. Chaka chomwecho anakhala nzika ya Canada.

Mmodzi mwa amene anabwera kudzasenza nawo dengali ndi Herbert Jasper. Mjeremani wina, Hans Berger, anali atalengeza mu 1929 kuti mphamvu ya magetsi ya mu ubongo ingathe kujambulidwa pa pepala kudzera m'timawaya toikidwa pamutu. Makina ake ndi amene timawatcha EEG. Penfield anakumana ndi Jasper mu 1937, ndipo poyamba ankakayika ngati mizere yokhotakhota ija ingaloze pamene khunyu likuyambira. Anayesa pa odwala enieni, ndipo mizere ija inaloza molondola kokwanira kumusintha maganizo. Jasper anasamukira ku Montreal, ndipo pambuyo pake ankaika timawaya take paubongo penipeni opaleshoni ili mkati. Tsopano panali mboni ziwiri: makina a Jasper ndi pakamwa pa wodwala.

Tibwerere m'chipinda chija kuti timvetse chifukwa chake wodwala ankayenera kukhala maso. Anthu ambiri a khunyu loyambira pamalo amodzi amakhala ndi chizindikiro chowatsogolera. Wina amamva fungo limene ena sakulimva, wina amamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba, wina amagwidwa ndi mantha opanda chifukwa, wina dzanja limayamba dzanzi. Chizindikirocho ndi chiyambi cha kugwa komweko, kukali pamalo pamodzi. Penfield ankachifunafuna ndi kachitsulo kake, ndipo akachidzutsa ankadziwa kuti ali pafupi ndi gwero. Ku Canada anthu ambiri amamukumbukira ndi kafilimu kakafupi ka pa wailesi yakanema ka mu 1991, kosonyeza mayi amene ankamva fungo la buledi wopserera asanagwe.

Panali chifukwa chachiwiri. Asanadule, ankafunika kudziwa malo oyenera kuwasiya. Ankamuuza wodwala kuti aziwerenga manambala kapena kutchula mayina a zinthu za pa zithunzi, iye n'kukhudza pamalo ena. Mawu akaduka pakamwa, wodwala n'kumaona chinthu koma dzina lake osabwera, ndiye kuti pamenepo ndi pa chiyankhulo, mpeni usayandikirepo. Kachitsulo kakachoka, mawu ankabwerera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Opaleshoni zimenezi zinkadya tsiku, ndipo wodekha kwambiri m'chipindamo anali wogona pa bedi uja.

Timapepala ta manambala tija tinkajambulidwa pa chithunzi pa opaleshoni iliyonse. Zithunzi za odwala ambirimbiri zitaikidwa pamodzi, panatuluka mapu. Mu 1937 Penfield ndi Edwin Boldrey anasindikiza mapu a mzere wa ubongo umene umayendetsa thupi ndi mzere woyandikana nawo umene umamva kukhudzidwa, ndipo m'buku la mu 1950 limene analemba ndi Theodore Rasmussen muli chithunzi chotchuka chojambulidwa ndi mayi Hortense Cantlie. Ndi kamunthu kogona chadodolido paubongo: mapazi pamwamba chapakati pa mutu, nkhope mmunsi chakukhutu. Manja ake ndi aakulu zedi, milomo ndi lilime n'zazikulu, koma msana ndi thunthu n'zazing'ono. Ubongo umagawa malo motsatira luso la chiwalo. Taganizirani zala za mayi woluka mphasa, kapena lilime la mwana amene akuphunzira kusiyanitsa "pa" ndi "pha": ntchito yosamalitsa chotero imafuna maselo ochuluka. Ndipo pa mapupo dzanja layandikana ndi nkhope, zimene zikutanthauzira chimene Jackson anaona kale, kunjenjemera kochoka pa chala n'kukafika kumlomo. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamula mbali ya kumanja ya thupi, choncho wodwala akakuuzani kuti zimayambira dzanja lamanja, wakulozerani kale mbali yoyang'ana.

Chodabwitsa kwambiri chinachokera m'chigawo cha ubongo chimene chili chakumtunda kwa khutu. Odwala ena atakhudzidwa pamenepo ankamva nyimbo, mwina mpaka kuing'ung'udza, ndipo kachitsulo kakachoka nyimbo inkatha. Ena ankamva mawu a anthu odziwika kwa iwo, ena ankaona ngati abwerera pamalo pamene anakhalapo kale, uku akudziwa bwinobwino kuti ali pa bedi ku Montreal. Penfield anafika poganiza kuti ubongo umasunga zonse zimene munthu anakumana nazo, ngati tepi yojambulira mawu. Apa anapitirira umboni wake. M'lipoti limene analemba ndi Phanor Perot mu 1963, mwa odwala 520 amene anawakhudza m'chigawo chimenechi, 40 okha ndi amene anamva kapena kuona zoterezi, ndipo onse anali ndi khunyu. Ofufuza a pambuyo pake aonetsa kuti pokumbukira, ubongo umalumikiza zidutswa mwatsopano nthawi iliyonse. Koma onani ichi: manambala amene timamutsutsa nawo lero anatisiyira ndi iye mwini, chifukwa ankalemba zonse, zomukomera ndi zosamukomera zomwe.

Kuona mtima komweko kunaonekanso pa nkhani yowawa kwambiri. Mu 1950 mayi wa ku Manchester, Brenda Milner, anayamba kuyeza nzeru ndi chikumbukiro cha odwala a Penfield asanachitidwe opaleshoni ndiponso atachitidwa. Odwala awiri amene anawachotsa gawo la ubongo la kumanzere, kuphatikizapo kachiwalo kotchedwa hippocampus, anadzuka osatha kusunga zatsopano m'mutu. Zakale ankazikumbukira, koma zimene zangochitika kumene zinkawathawa. Penfield ndi Milner anakauza madokotala anzawo poyera, naganiza kuti hippocampus ya mbali inayo inali yoonongeka kale mosadziwika, kotero kuti opaleshoni inachotsa yokhayo imene inkagwira ntchito. Mmodzi wa odwalawo atamwalira patapita zaka, kuunika ubongo wake kunatsimikiza zimenezo. Lipoti la Penfield ndi Milner lija ndi limene linachititsa William Scoville wa ku Hartford kuitana Milner kuti akaone wodwala wake wodziwika ndi zilembo H.M., amene anamuchotsa mbali zonse ziwiri mu 1953. Zambiri zimene dziko likudziwa lero za chikumbukiro zinayambira pamenepo, ndipo kuyambira nthawiyo madokotala amayeza kaye mbali yotsalayo asanadule. Penfield akanabisa odwala awiri aja poteteza mbiri yake, ena ambiri akanaonongeka chimodzimodzi.

Buku lalikulu la ntchito yake, limene analemba ndi Jasper, linatuluka mu 1954. Anatula pansi udindo wake mu 1960, koma sanakhale manja lende. Analemba mabuku, analimbikitsa zoti ana aziphunzira chiyankhulo chachiwiri akali aang'ono ubongo usanakhwime, ndipo mpaka ukalamba ankalimbana ndi funso lakuti kodi maganizo a munthu ndi ubongo wokha basi. Ankakumbukira odwala amene ankawagwedeza dzanja ndi magetsi, iwo n'kumaumirira kuti sindine ndachita zimenezo. Anamwalira ku Montreal pa 5 Epulo 1976. Mbiri ya moyo wake, imene inatuluka chaka chotsatira, anaitcha No Man Alone, kutanthauza kuti palibe amene amagwira ntchito yotere yekha.

Tsopano mwina wina akuti, zonsezo ndi za ku Canada, ife kuno tilibe zipangizo zotere. Tamverani. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatinso mpaka 70 mwa 100 alionse angathe kusiya kugwa atapezeka bwino ndi kumwa mankhwala oyenera, popanda opaleshoni, koma m'mayiko osauka atatu mwa anayi alionse salandira thandizo. Zipsera zonga zimene Penfield ankazifufuza, kwathu kuno zimabwera ndi kuvutika kwa mwana pobadwa, ngozi zapamsewu, matenda oumitsa khosi, mphutsi za njoka zam'mimba zochokera ku nkhumba, ndiponso malungo a mu ubongo. Kafukufuku amene Gretchen Birbeck ndi anzake anachita ku Blantyre, wosindikizidwa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo: 12 mwa iwo anadzayamba khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Neti yoteteza udzudzu ndi kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi ndi njira zopewera khunyu.

Ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti munthu akagwa thawa, malovu ake angakupatsire, ndipo m'zipatala zathu muli anthu opsa manja ndi nkhope chifukwa anagwera pamoto anzawo ataima patali. Penfield ndi anzake anagwira ubongo wa anthu a khunyu oposa 1,000, ndipo chimene anapeza ndi maselo ovulala amene akutulutsa magetsi mopyola muyeso. Khunyu silipatsirana. Munthu akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chofewa kumutu, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize, ndipo kunjenjemera kukatha mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Kwa inu ophunzira za udokotala ndi unamwino amene mawa mudzakhale pa chipatala chaching'ono chakumudzi, popanda EEG, popanda sikani: chida chachikulu cha Penfield muli nacho. Mpaka lero khunyu limazindikirika makamaka ndi zimene wodwala ndi amene anamuona akugwa akufotokoza. Mayi akabwera ndi mwana wake n'kunena kuti amagwa, musafulumire kulemba mankhwala. Kokani mpando. Funsani kuti, mayi, zimayamba bwanji? Dzanja liti? Maso amatembenukira kuti? Anadwalapo malungo aakulu? Pobadwa analira msanga? Kenako mutembenukire mwanayo, amene mwina chiyambire palibe anamufunsapo kanthu, mumufunse kuti, iwe, usanagwe umamva chiyani? Ndipo mudikire ayankhe.